TAFUNSANI ZA MPINGO: Pemphero la m'buku, Lamulungu lopanda wansembe, ndi maliro opanda kwaya

Makalata a mwezi uno achuluka, ndipo atatu mwa iwo akukhudza mpingo wa Anglikani umene ndinabatizidwiramo kwathu ku Nkhotakota ndipo ndautumikira zaka zambiri ngati wowerenga mawu ndi wotsogolera mapemphero. Sindine wansembe, ndiye pamene pakufunika chigamulo cha wansembe ndikutumizani kwa iwo. Enanu amene munafunsa za ukwati, dikirani mwezi wamawa.

FUNSO: Bambo, ine ndinakulira mu mpingo wa Pentekosite ku Ndirande, ndipo chaka chatha ndinakwatiwa ndi mwamuna wa Anglikani. Ndimapita naye ku Misa Lamulungu lililonse, koma kunena zoona mtima wanga sukhuta. Mapemphero onse ndi owerenga m'buku, mawu omwewomwewo sabata ndi sabata, kugwada, kuimirira, utsi wa lubani mpaka kutsokomola. Kwathu tinkapemphera zochokera pansi pa mtima. Kodi Mzimu Woyera amagwira ntchito m'pemphero limene analemba munthu wina? Nanga Aanglikani si Akatolika omwewa? (Mayi wachitsikana, Blantyre)

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa m'malo mongokhala pa benchi uku mtima uli kwina. Ndiyambe ndi mayi anga.

Mayi anga sankadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo. Buku la mapemphero sanaligwirepo, koma Misa yonse inali m'mutu mwawo chifukwa choimva kuyambira ali kamtsikana. Atakalamba anadwala matenda ofa ziwalo, pakamwa panapotoka, ndipo masiku angapo anangogona chete osatulutsa liwu. Tikawaitana ankangotiyang'ana. Tsiku lina wansembe anabwera kunyumba ndi kabokosi kawo kaja ka Mgonero, nayala kansalu koyera pa mpando, nayatsa kandulo. Atangoti "Ambuye akhale nanu", milomo ya mayi inagwedera, yankho linatuluka. Mlongo wanga amene anawagwirizira mutu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Titafika pa "Atate athu", anapita nafe mpaka pa Amen, mawu osamveka bwino koma osalumpha mzere. Nzeru zopekera pemphero lawolawo zinali zitawathera. Chimene chinatsala ndi mawu omwewomwewo aja ukuwadandaulawa.

Kuyambira tsiku limenelo sindilola kuti munthu andiuze kuti pemphero lolembedwa ndi lakufa. Tsegula Luka 11: ophunzira atapempha Yesu kuti awaphunzitse kupemphera, anawapatsa mawu oti azinena. Iye mwini pa mtanda, ululu utafika posauzana, anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, pemphero limene linalembedwa zaka mazanamazana iye asanabadwe. Masalimo onse 150 ndi mapemphero olembedwa, ndipo ndikhulupirira kuti ku mpingo wakwanu mumawakonda. Lubani nayenso sitinamutole pamsewu: Salimo 141 ndi Chivumbulutso 8 amafanizira mapemphero a anthu a Mulungu ndi utsi wa zofukiza wokwera kumwamba.

Buku lathuli gwero lake ndi ku England. Thomas Cranmer, Akibishopu wa ku Canterbury, anatulutsa buku loyamba la mapemphero m'Chingerezi mu 1549, nthawi imene mapemphero a m'tchalitchi ankachitika m'Chilatini anthu wamba n'kumangoonerera. Cholinga chake chinali chakuti mlimi ndi mfumu azipemphera mawu amodzi m'chilankhulo chimene akuchimva, onse n'kumayankha. N'chifukwa chake pa Misa yathu mpingo suli chete: wansembe anena, ife tiyankha, ngati nyimbo ya pamtondo. Ukadzaliwerenga modekha udzaona kuti mbali yaikulu ndi mavesi a m'Baibulo olumikizidwa.

Za Chikatolika, maso ako sanakunamize, timafanana ndithu m'zambiri, ndipo pali chifukwa. Mpingo uno unabwera kuno ndi amishoni a bungwe la ku England la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), amene anadzuka atamva pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, namwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Mishoni inasamukira ku Zanzibar, kenaka inabwerera kunyanja n'kukhazikika pa Likoma mu 1885. Amishoni amenewa anali a mbali ija ya Aanglikani yokonda miyambo yakale ya mpingo, ndiye anatisiyira Misa, belu, lubani, kugwada ndi chizindikiro cha mtanda. Ukapita ku Uganda kapena ku Kenya, kumene kunafika amishoni a bungwe lina la Aanglikani la CMS (Church Missionary Society), ukapeza Aanglikani anzathu akupemphera mosachulutsa zimenezi. Koma sitili pansi pa Papa, ansembe athu amakwatira, ndipo pa sinodi, msonkhano waukulu wa mpingo, akhristu wamba amakhala pamodzi ndi ansembe ndi bishopu pogamula za mpingo.

Tsono pali pamene ukunena zoona, ndipo zimandipweteka. Ife Aanglikani nthawi zina timathamangitsa mapemphero. Pemphero lovomereza machimo timalimaliza mpweya umodzi, maso ali pakhomo. Mlendo akamva zotero sangaone moyo m'menemo, ndipo cholakwa n'chathu, osati cha buku. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndiye moto umene wabwera nawo usauzimitse. Funsa amuna ako kuti mphakati wa dera lanu umakumana tsiku liti. Kumeneko anthu amakhala pa mkeka m'nyumba ya mmodzi wa iwo, kuwerenga mawu, kuimba makolasi, aliyense n'kupemphera ndi mawu akeake. Uwapemphenso akupezere buku lakolako, usamangoonera la mnzako. Sankha pemphero limodzi, uzilinena pang'onopang'ono m'mawa uliwonse mpaka Pasaka, ndipo ukatero undilemberenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo pa tchalitchi chaching'ono ku Ntchisi. Wansembe wathu ali ndi matchalitchi ambiri, kwathu amafika mwina kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukaterera timatha kuwadikira kuposa apo. Tsiku limene akubwera tchalitchi chimadzaza mpaka ena amakhala panja. Masabata enawo timakhalapo ochepa, ena amati "lero kulibe Misa" n'kupita kudimba. Kodi mapemphero otsogolera katekisiti ndi mapemphero enieni? Tingatani? (Bambo wa ku Ntchisi)

YANKHO: Achimwene, ndi mapemphero enieni, ndipo musachite nawo manyazi. Zoona, katekisiti sangadalitse mkate ndi vinyo, imeneyo ndi ntchito ya wansembe. Koma Mapemphero a M'mawa si chigamba chotsekera pong'ambika. Cranmer yemwe uja anawakonza, pamodzi ndi a Madzulo, kuti azichitika tsiku ndi tsiku: kuvomereza machimo, Masalimo, mawu a m'Chipangano Chakale ndi Chatsopano, Chikhulupiriro cha Atumwi, kupempherera dziko ndi odwala. Palibe chimene chikudikira wansembe pamenepo.

Muwakumbutse anthu anu mmene mpingo uno unakulira. M'masiku a mmishoni William Percival Johnson, amene anali Archdeacon (wansembe woyang'anira ansembe anzake m'dera), ansembe anali owerengeka, ndipo ankazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima, poyamba yotchedwa Charles Janson, kenaka Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901. Sitima ikachoka, amene ankatsala pamudzi ndi mphunzitsi wachikuda, kuphunzitsa ana, kukonzekeretsa ofuna ubatizo ndi kutsogolera mapemphero. Leonard Kamungu wa ku Chia, amene koleji yathu ya ansembe ku Zomba imadziwika ndi dzina lake, anayamba ngati mphunzitsi wotere asanadzozedwe unsembe mu 1909. Anakamwalirira ku Msoro ku Zambia mu 1913 ali pa ntchito ya umishoni.

Kwathu ndili mwana belu lathu linali limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango. Katekisiti wathu, bambo wamfupi wa jekete limodzi, ankaimenya ndi chitsulo katatu: koyamba kuti tisambe, kachiwiri kuti tinyamuke, kachitatu n'kuyamba. Ankayambadi, ngakhale m'tchalitchi mukhale agogo awiri ndi ife ana. Anthu atazindikira kuti bamboyu sadikira munthu, anayamba kufulumira.

Ndiye choyamba ndi chimenecho, nthawi. Chinanso, katekisiti asamachite zonse yekha. Mawu a Lamulungu lililonse anakonzedweratu, ndiye apatseni achinyamata awiri pofika Lachitatu kuti akonzekere kuwerenga. Mwana akamawerenga kutsogolo, mayi ake sapita kudimba. Amayi a Mothers' Union atenge mapemphero opempherera ena, atchule odwala a m'mudzimo ndi maina awo. Mukaweruka musamwazikane, pitani nonse kwa wodwala mmodzi kapena nkhalamba imene siyenda, mukaimbe nyimbo ziwiri pakhonde. Zimenezi mudzi umaona.

Ndikufunseninso inu akuluakulu: katekisiti wanuyo mumamuthandiza chiyani? Ambiri amasiya munda wawo kukaika maliro, kukaphunzitsa kalasi ya osanjikidwa manja, osalandira ngakhale sopo. Pokolola musonkhe chimanga, mumupatse. Za mafuta a njinga yamoto ya wansembe muzikambirananso poyera pa msonkhano wa mpingo, chifukwa nthawi zina chimene chimachedwetsa ulendo wawo si matope okha.

FUNSO: Bambo anga anali Mwanglikani moyo wawo wonse, anaimbapo kwaya. Zaka zitatu zomaliza anadwala, sankapita kutchalitchi ndipo sankapereka. Atamwalira akuluakulu a mpingo anayang'ana m'kaundula n'kunena kuti anali atagwa. Kwaya sinabwere, amayi sanavale yunifolomu, kunangobwera munthu mmodzi kudzapemphera mwachidule kumanda. Kuyambira pamenepo sindinapondeko kutchalitchi. Ndalakwa? (Mwana wamasiye, Lilongwe)

YANKHO: Pepa mwana wanga, pepa kwambiri. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo yandilemera.

Ndamva mbali imodzi yokha, koma ngati zinayenda monga walemberamu, mpingo unakulakwira. Munthu amene wagona pa mphasa zaka zitatu sanagwe, wadwala. Funso loyenera kufunsidwa tsiku limenelo silinali lakuti bambowa anapereka liti komaliza, koma lakuti ife tinakawaona liti komaliza. Mgonero umapita kwa odwala kunyumba, monga unapitira kwa mayi anga. Ngati zaka zitatu zinatha popanda wa mphakati kugogoda pakhomo panu, kaundula amene anatsegulidwa pa maliropo ankaneneza mpingo, osati malemu.

Ndikudziwa chimene akuluakulu amaopa. Alipo anthu amene tchalitchi amachikumbukira pokhapokha bokosi likafika pakhomo, ndipo mpingo uli ndi mwambo wake pa anthu amene anausiya dala kapena ali pa chilango. Ndalama nazonso zimafunika, denga silidzifolera lokha. Koma chopereka si tikiti yogulira nyimbo za pamaliro. Maliro n'kulirana. Amayi aja akamachezera usiku wonse m'nyumba ya siwa akuimba, ena atasenza nkhuni ndi ufa, amatonthoza amoyo, ndipo amoyowo ndi iwe ndi abale ako amene simunalakwe kanthu.

Sindikudzudzula chifukwa chokhala kunyumba, bala likadali laliwisi. Koma usalisunge wekha mpaka lichite mafinya. Tenga amalume ako kapena munthu wamkulu amene umamukhulupirira, mupite kwa wansembe wa parishi, osati Lamulungu pakhomo pa tchalitchi anthu ali piringupiringu, koma tsiku la pakati pa sabata. Ufotokoze monga wandifotokozera ine. Kawirikawiri zigamulo zotere zimachitika mothamanga m'mawa wa maliro wansembe ali kutali, ndipo mwina sakudziwa n'komwe. Akapanda kukumvera, pamwamba pawo pali Archdeacon.

Upemphenso chinthu chimodzi. Mu mpingo wathu timachita Misa yokumbukira omwalira, ndipo pa 2 Novembala timatchula maina a abale athu amene anatsogola. Pempha kuti bambo ako achitiridwe Misa yotere, dzina lawo litchulidwe pa guwa, ndipo kwaya imene ankaimbamo idzaimbe nyimbo imene ankaikonda. Uwauziretu abale onse tsikulo, ndi aja ali kumudzi, kuti adzakhalepo.