Mukavulala pokonza thirakitala pa famu ku Joni

Abale amene mwangofika kumene m'mafamu a ku Limpopo, Mpumalanga kapena Free State, bwana akangoona kuti mumatha kugwira sipanala, makina akafa aziitana inu, ngakhale munalembedwa ntchito yothyola malalanje.

Shafuti ya PTO, chitsulo chija cha kumbuyo kwa thirakitala, imazungulira ka 540 pa mphindi, ndiye kuti ka 9 pa sekondi imodzi. Ikakola mkono wa ovolosi, mpata wodzipulumutsa simuupeza. Musanaiyandikire ichotseni m'giya, tsitsani pulawo kapena chilichonse chokwezedwa chikhale pansi, mangani handibuleki, zimitsani injini, kiyi muike m'thumba mwanu. Kiyi wosiyidwa pa thirakitala ndi amene mnzanu amalizira injini manja anu ali mkati. Dikiraninso pang'ono, chifukwa makina omanga udzu amazungulirabe injini itazima.

Paipi ya mafuta a haidiroliki ikamadontha musaifufuze ndi dzanja, yendetsanipo katoni. Mafutawo amakhala ndi mphamvu pafupifupi 200 bar ndipo amabowola khungu ngakhale mutavala magulovu. Kabalako kamaoneka ngati mwalasidwa ndi singano, koma mkati mnofu ukufa. Pamafunika opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo dokotala mumuuze kuti alowa ndi mafuta. Jeke payekha musamukhulupirire, ikanipo masitandi. Komanso chizolowezi choliza injini pogunditsa sikuludiraiva pa sitata mutaima pafupi ndi tayala n'choipa: ngati ili m'giya, ikupondani.

Tsono zikachitika, nkhani yonse yagona pa pepala. Lamulo la chipepeso cha ovulala pa ntchito la mu 1993, lotchedwa COIDA, limateteza wantchito aliyense wa pa famu, wa ganyu ya nyengo yokolola yemwe. Ndalama zopita ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ntchito, amalipira ndi bwana, saloledwa kuzidula pa malipiro anu. Muuzeni za ngoziyo tsiku lomwelo, ndipo tumizaninso uthenga wa WhatsApp kuti deti lioneke. Jambulani makinawo asanawasunthe, makamaka ngati chotchingira shafuti chinali chochotsedwa, ndipo sungani nambala za omwe anaona. Bwana ali ndi masiku 7 oti apereke ku Fund fomu ya W.Cl.2 yofotokoza za ngoziyo, dokotala amalemba ya kuchipatala, W.Cl.4. Pemphani makope ndi nambala ya dandaulo lanu. Akamazengereza, pitani nokha ku Labour Centre, ofesi ya boma ya zantchito, ndi pasipoti ndi mapeyisilipi, miyezi 12 isanathe.

Mabwana ena amakupatirani ndalama m'manja n'kunena kuti kuchipatala mukanene kuti mwagwa kunyumba. Musavomere. Zimene dokotala alembe tsiku loyamba n'zimene adzawerenge a Fund, ndipo kudzazisintha chala chitadulidwa kale n'kovuta.

Mukakhala pakhomo masiku opitirira atatu, muyenera kulandira 75% ya malipiro anu. Miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana, iye n'kukatenga ku Fund. Za kuchipatala a Fund amalipira mpaka zaka ziwiri. Chilema chokhalitsa amachiwerengera motere: chala chamkombaphala chonse 10%, chala chachikulu 25%, dzanja lodukira pamfundo 50%. Kufika pa 30% mumalandira chipepeso kamodzi, kupitirira apo ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi. Wina akamwalira, mkazi ndi ana ali ndi gawo lawo ngakhale ali kumudzi, n'chifukwa chake mtchatho waukwati ndi zikalata za kubadwa kwa ana zizisungidwa bwino. Koma lamulo lomweli limakuletsani kusumira bwana wanu kukhoti pa ngoziyo.

Za opanda pemiti: mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA (bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito), khoti la zantchito linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu. Vuto limabwera kwa amene akugwira ntchito pa dzina la munthu wina, poti dzina la pa fomu ndi la pa pasipoti zikasiyana fayilo imaima. Akakuchotsani ntchito chifukwa mwavulala, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA.