Kuphunzitsa za kuwala ndi diso sukulu ilibe labu

Achemwali, mwafunsa kuti ana a MSCE muwaphunzitse bwanji za kuwala, mandala ndi diso poti sukulu yanu ilibe labu ngakhale lens imodzi. Inenso ndili pa CDSS ina kuno ku Zomba, ndipo kwa zaka zingapo ndinkangojambula mizere pabolodi, ana n'kumakopera osamvetsa kanthu. Chomwe chinandithandiza ndi PhET.

Awa ndi mapulogalamu aulere oyeserera zasayansi a ku University of Colorado Boulder, omwe anayambitsidwa mu 2002 ndi Carl Wieman, uja anapata Nobel ya Physics mu 2001. Amatseguka pa foni kapena laputopu, ndipo mukapanga dawunilodi kamodzi safunanso bandulo.

Koma musayambe ndi foni. Yambani ndi tambula ya madzi ndi supuni, aone okha supuni itaoneka ngati yathyoka. Kenako afunseni amene anasambirako mu Likangala kapena Mulunguzi chifukwa chake dziwe limaoneka losazama, koma ukaponda n'kumira mpaka m'khosi. Ukayang'ana uli pamwamba, madzi a mamita 4 amaoneka ngati a mamita 3. Akatsutsana mokwanira, tsegulani pulogalamu ya PhET yotchedwa Bending Light. M'menemo muli tochi ya laser, mpweya, madzi (index yake, nambala yoonetsa m'mene amapindira kuwala, ndi 1.33) ndi galasi (1.5), komanso protractor yoti ayeze okha ngodya. Chimene chimawagwira mtima kwambiri ndi kuika tochi ija m'madzi n'kumaipendeketsa pang'onopang'ono. Ngodya ikapitirira madigiri 49, kuwala sikutulukanso, kumabwerera m'madzi momwemo. M'kalasi mwanga pamenepo ndi pomwe ngakhale akumbuyo aja amaimirira.

Pa za diso ndimagwiritsa ntchito Geometric Optics. Mulibe diso lenileni, koma muli lens ndi chinsalu chogwera kuwala, ndiye ndimawauza kuti chinsalucho ndi retina, kumbuyo kwa diso kumene chithunzi chimagwera. Chithunzi chimagwa chozondoka, ndipo m'diso mwathu ndi momwemonso, ubongo ndiwo umakonza. Fupikitsani focal length (mtunda wochokera pa lens kufika pomwe kuwala kumakumana) kuti kuwala kukumane kusanafike pachinsalu: ameneyo ndi mwana woona zapafupi zokha, wofunika magalasi a concave. Wolephera kuona zapafupi amafunika a convex. Muwauzenso kuti kupinda kwambiri kwa kuwala, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, kumachitika pa cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, osati pa lens monga ambiri amalembera. Phunziro limeneli ndi lomwe linandidziwitsa kuti mtsikana wina yemwe ndinkamuyesa waulesi sankaona pabolodi. Zinandipweteka, ndipo tinakambirana ndi makolo ake kuti akamupimitse maso.

Color Vision ndi yaifupi, mphindi 15 zikwana. Kuwala kofiira kukakumana ndi kobiriwira kumatuluka chikasu. Ana amakana, poti penti satero, ndipo m'pamene mumalongosola za mitundu itatu ya ma cone, maselo a m'diso ozindikira mitundu.

Ana akachuluka, agaweni m'magulu ndipo aliyense agwireko, chifukwa kuonerera mphunzitsi akudina sikusiyana ndi bolodi lija. Akamaliza ajambulebe ray diagram ndi rula ndi pensulo, poti kumayeso a MANEB foni kulibe. Mukadzapeza lens yeniyeni, muwaletse mwamphamvu kuyang'anira dzuwa.

Mafayilo atatuwa ndili nawo pa flash. Ngati mukubwera m'tauni Loweruka, ndilembereni ku inbox tikumane pa depoti ndikupatsireni.