Laputopu inazima ndisanasunge masilayidi, kodi abwereranso?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene akumaliza digiri yawo. Akuti anachezera usiku akukonza masilayidi a kafukufuku wawo mu PowerPoint, magetsi n'kuzima, ndipo laputopu yawo, yomwe batire lake linafa kalekale, inazimira pomwepo. M'mawa potsegula fayilo apeza ili monga anaisiyira dzana. Akufunsa ngati zausiku zija zingabwerenso.

Achemwali, pepani kwambiri. Mwayi ulipo ndithu, koma chonde musayambe kulembanso mufayilo ija, ndipo musaisunge, mpaka mutayesa zimene ndikuuzeni apa.

PowerPoint imadzisungira yokha kope lapadera la zimene mukulemba, mphindi 10 zilizonse ngati palibe anasintha. Zimenezi amazitcha AutoRecover. PowerPoint ikatsekeka mwadzidzidzi, ulendo wotsatira mukaitsegula kumanzere kumatuluka kabokosi kolembedwa Document Recovery, kosonyeza mafayilo ndi nthawi imene lililonse linasungidwa. Apa ndi pamene ambiri amataya ntchito yawo ndi manja awo. Mtima uli m'mwamba, amangotseka kabokosiko kuti kachoke pamaso, ndipo pulogalamu ikafunsa ngati akuwafunabe mafayilowo, amasankha kuti afufutidwe. Kakatuluka, tsegulani kope la nthawi yomalizira, muyang'ane silayidi imodziimodzi, kenako Save As, mulipatse dzina lina.

Simunanene kuti munakaona, ndiye tipitirire. Popeza fayilo yanu munali mutaisunga kale dzana, itseguleni, mupite pa File, kenako Info, muyang'ane pa Manage Presentation ngati pali kope la usiku uja. Mukapanda kulipeza, pitani pa File, Options, Save. Pamenepo pali mzere wa AutoRecover file location wosonyeza foda imene makope aja amakhala. Koperani mzere wonsewo, muumate pamwamba mu File Explorer, mudine Enter. Musadabwe kuti foda imeneyi simunaionepo, ili mkati mwa AppData, yomwe Windows imaibisa. Sanjani zimene zili m'menemo potsata tsiku. Mayina ake amakhala osamveka, choncho inu yang'anani nthawi ndi kukula kwa fayilo. Mukapeza yogwirizana ndi ola limene magetsi anazima, ikopereni pa Desktop kaye musanaitsegule.

Amene sanasungepo fayilo yawo ngakhale kamodzi, njira yawo ndi File, Open, kenako Recover Unsaved Presentations m'munsi mwa mndandanda. Koma achite changu, chifukwa mafayilo oterowo amasungidwa masiku 4 okha.

Ndikuuzeni zoona kuti musayembekezere zambiri: ngakhale zitayenda bwino, za mphindi zomalizira zija mwina simuzipeza. Ndipo ngati AutoRecover inali yozimitsa, palibe chimene chinasungidwa.

Nthawi zina fayilo imapezeka koma n'kumakana kutseguka. Poitsegula kudzera pa File, Open, Browse, sankhani fayiloyo, kenako dinani kamuvi kali pambali pa batani la Open musankhe Open and Repair. Ikakanabe, musaitaye. Fayilo ya .pptx kwenikweni ndi zip, kutanthauza mafayilo ambiri omangidwa mtolo umodzi, kuyambira pa Office 2007. Pangani kope lake, musinthe mapeto a dzina kukhala .zip, mutsegule foda ya ppt, kenako media. Zithunzi zimene munaikamo muzipeza m'menemo, ndipo kwa munthu amene anavutika kujambula za kumunda kapena kulabu, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Mukathana nazo izi, bwererani pa Options paja mutsitse mphindi 10 zikhale 2. Ndi mmene magetsi amazimira kwathu kuno, pa laputopu yopanda batire, mphindi 10 n'zambiri. Onetsetsaninso kuti kabokosi kam'munsi mwake, konena zosunga kope lomaliza mukatseka musanasunge, n'kochonga. AutoSave ya mu Microsoft 365 ndi chinthu china: imasunga pamasekondi ochepa alionse, koma pokhapokha fayilo ili pa OneDrive kapena SharePoint, malo osungira mafayilo pa intaneti, ndipo kuti ifike kumeneko pamafunika bandulo ya intaneti. Masiku amene mulibe, dinani Ctrl ndi S kuti musunge mukangomaliza silayidi iliyonse. Ndikupemphaninso kuti musamagwire ntchito fayilo ili pa fulashi. Ikopereni mukompyuta, ndipo pa fulashi muziikapo mukamaliza, chifukwa fulashi ikagwedezeka fayilo ili mkati mosungidwa, ikhoza kuwonongeka yonse.