Chifukwa chake sitilemba kuti "she can sings"

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo yodandaula kuti mwana wake wa Fomu 3 adalakwa ziganizo ziwiri pa ntchito ya m'kalasi: "She can sings" ndi "He must to go". Mayiwa akufunsa kuti, popeza ana amaphunzitsidwa kuti mneni wotsatira "he", "she" ndi "it" amatenga "s" kumapeto, cholakwika chili pati?

Mayi, mwana wanu lamulolo akulidziwa, koma walipititsa kumene silifika. Chingerezi chili ndi kagulu ka aneni othandizira, monga "can", "may", "must", "will", "shall" ndi "should", amene sasintha ngakhale mwininkhani akhale ndani, ndiponso mneni wowatsatira amakhala wopanda chowonjezera chilichonse. Choncho timati "I can sing" komanso "she can sing", ndipo pofunsa timangoyamba ndi mneni wothandizirayo: "Can she sing?"

Chiganizo chachiwiricho ndicho chandikhudza kwambiri, chifukwa gwero la vutolo ndi Chichewa chathu chomwe. Ife timati "ayenera kupita", "atha kuimba", ndipo "ku" ameneyu mwana amamunyamula m'mutu n'kukamutula m'Chingerezi ngati "to". Ndaona ngakhale akuluakulu ophunzira bwino akulemba zoterezi m'makalata ofunsira ntchito. Mwana akangozindikira kuti "ku" wathuyo alibe malo pambuyo pa "must" kapena "can", vutoli limatha msanga. Komabe asamale ndi "have to", amene tanthauzo lake ndi lofanana ndi "must" koma amasintha: "she has to go". Pokana, awiriwa amapatukana kwambiri, pakuti "you must not go" ndi kuletsa, kunena kuti musapite, pamene "you don't have to go" akutanthauza kuti palibe chokukakamizani, mukafuna pitani.

Aneni osatsata lamulo mu nthawi yatsopano ndi ochepa. "Be" amasanduka "am", "is" ndi "are". "Have" amasanduka "has", osati "haves". "Do" amakhala "does", ndipo akangolowa m'funso kapena m'chiganizo chokana amatenga "s" uja, kotero timati "Does she go?" osati "Does she goes?" Pa "says" kalembedwe ndi kachizolowezi, koma amatchulidwa ngati "sez".

Mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo, popeza satifiketi ya MSCE, imene imaperekedwa ndi bungwe la MANEB la konkuno ku Zomba, munthu sailandira ngati walephera Chingerezi. Madzulo mukamapakula nsima, mumuuze mwanayo chiganizo cha Chichewa, monga "Agogo atha kuyenda mpaka kumsika" kapena "Mlongo wako ayenera kutsuka mbale", iye achinene m'Chingerezi mokweza, kenaka asinthe mwininkhani n'kuchinenanso ngati funso. Ziganizo zisanu pa tsiku zikwanira.