Ndikakankha nsambo, gitala imamveka yosachuna

Funso: Ndakhala ndikuimba lead ya sungura kwa zaka zitatu, tsopano ndayamba kuphunzira blues rock. Pentatonic (sikelo ya manotsi asanu) ya A pa fret 5 (mpata wachisanu pa khosi la gitala) ndimaidziwa, koma ndikakankha nsambo kuti mawu akwere zimamveka zosachuna, zala zimapweteka, ndiye nsambo zina zimangolira zokha. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga wa ku Mufakose, Harare

Yankho: Achimwene, sungura yakupatsani zala zothamanga, koma blues imafuna khutu loleza mtima. Mukukankha nsambo musanamve m'mutu mawu amene mukufuna kufikapo, vuto lagona pamenepo.

Yambani ndi nsambo yachitatu, ya G. Dinani pa fret 9, mawu amenewo ndi E. Amvetsereni mpaka akhazikike m'khutu. Kenako bwererani pa fret 7, pomwe pali D, mukankhe nsamboyo m'mwamba mpaka ilire E yemwe uja. Ikani tuner, kachipangizo koonetsa notsi imene ikulira, patsogolo panu. Ophunzira ambiri amalekeza panjira, kutsala pang'ono kufika, ndipo kachidutswa kotsalako ndi kamene kamapweteka m'makutu. Chitani zimenezi mphindi 10 tsiku lililonse, metronome, kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo, ili pa 60.

Zala zikupweteka chifukwa mukukankha ndi chala chimodzi. Chala cha mphete chikhale pa fret 7, chapakati chitsamire kumbuyo kwake pa fret 6, nsambo yomweyo, chachikulu chikolekeke pamwamba pa khosi la gitala. Mphamvu ichokere pa mkono, kupotoza ngati mukutsegula loko ya chitseko, zala zingogwira basi. Onaninso nsambo zanu. Zopyapyala, za saizi .009 mpaka .042, ndi zofewa bwino kwa woyamba. Stevie Ray Vaughan, katswiri wa gitala ya blues wa ku America, ankaimba zokhuthala, za .013, koma ankachuna gitala yonse kutsika theka la sitepe, ku E flat, ndiponso manja ake anali atakhwima kale. Musamutsanzire panopa.

Phokoso lija limabwera nsambo ya G ikakokera ya D, n'kuitaya pobwerera. Gonekani m'mphepete mwa chikhatho cha dzanja lokhwatchira pa nsambo zikuluzikulu, chala chamkombaphala cha dzanja lodina chikhudze mopepuka nsambo yachinayi, ya D ija. Gain ya amplifaya, mphamvu imene mawu a gitala amalowera nayo, itsike, chifukwa ikachuluka imakuza kaphokoso kalikonse. Mawu akamafera pakati pa kukankha, nsambo zatsika kwambiri ndipo zikugunda fret yakutsogolo. Kwezani pang'ono bridge, pamene nsambo zimatsamira pa thupi la gitala.

E uja akayamba kufika nthawi zonse, jambulani pa foni ma bar (zigawo zofanana za nyimbo) 12 a makodi A7, D7 ndi E7, muziimba pamwamba pake. Apa ndiye chizolowezi cha sungura chodzaza mpata uliwonse chiyenera kudikira kaye. Imbani manotsi anayi kapena asanu, kankhani limodzi, mukhale chete bar yonse yotsatira. Vibrato, kunjenjemeretsa notsi, muyiwonjezere pambuyo, mawu atayamba akhazikika pa E, apo ayi mudzangogwedeza notsi yolakwika.