Funsani Anamwino: Bambo a Kunyumba Akusinza Pamakina Ocheka Matabwa

FUNSO: Anamwino, bambo a kunyumba kwathu amagwira ntchito pamakina ocheka matabwa kufakitale ina ku Graniteside, muno mu Harare. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, miyezi ino akumalowa usiku. Akaweruka m'mawa amabwera ku Mbare Musika kudzandithandiza kupikula tomato, ndiye kugona kwawo ndi maola 3 kapena 4 basi. Ali ndi BP, koma mapiritsi anasiya, ati amawakodzetsa pafupipafupi ali pantchito. Mwezi watha anadzicheka nsonga ya chala, n'kungomanga kansanza osawauza akapitawo poopa kuchotsedwa ntchito. Masiku ano amangokhala ndwii, kuganiza za lendi ndi fizi ya ana. Magalasi ndi magolovesi amavala. Ndichite chiyani?
Mayi wa ana atatu, Mufakose

YANKHO: Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza. Ndinakhala zaka zambiri pakakiliniki ka fakitale ina ku Workington, ndipo ambiri amene ndinawamanga mabala sanali achibwana. Anali akatswiri odziwa makina awo ngati khasu lawo. Ndikawafunsa kuti dzulo munagona nthawi yanji, ankangoweramitsa mutu.

Ine chimene chikundiopsa kwambiri ndi tuloto. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ofufuza anapeza kuti amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchotsa dzanja, mofanana ndi munthu amene walawako mowa. Palibe kapitawo angalole woledzera kuyandikira makina, koma wosagona amalowa pageti bwinobwino poti sanunkha. Choipa china n'chakuti chakum'bandakucha thupi limafuna kugona zivute zitani, ndipo munthu amatha kusinza masekondi awiri kapena atatu maso ali tong'o, iye osadziwa n'komwe. Pamasekondi amenewo mpeni wocheka matabwa umakhala utazungulira maulendo oposa 100. Magalasi sangatchinge zimenezo. Za magolovesizo akafunse bwino, chifukwa pafupi ndi mpeni wozungulira nsalu imatha kukodwa n'kukokera dzanja lonse momwemo.

Ndiye ndikupempheni chinthu chowawa: amasuleni ku Musika. Ndikudziwa kuti dzanja lawo likachoka pa tomatoyo ndalama icheperako. Pezani m'bale kapena mnzanu wa ku mpingo woti muzipikulira limodzi, bambowo akaweruka azikagona. Tchingani zenera ndi bulangete lakuda, foni muizimitse, ana muwauze kuti masana a bambo awo ndiwo usiku wawo.

Za BP musazengereze sabata ino. Matendawa sachenjeza, ndipo munthu amatha kumva bwinobwino magazi akuthamanga kupitirira 140/90, mpaka tsiku lina kugwa ndi sitiroko ataima pamakina. Dandaulo lawo la kukodza ndi loona ndithu. Piritsi lina la BP lotchedwa HCT limachotsa madzi m'thupi, ndipo nthawi yomwera imayenera kugwirizana ndi nthawi imene munthu amagwira ntchito. Apite kukiliniki ya khonsolo kwanu ku Mufakose konko, akanene poyera kuti amalowa usiku. Anamwino angathe kusintha nthawi kapena kuwapatsa mtundu wina. Akayezetsenso shuga, ndipo chalacho akachionetse.

Mantha a kuchotsedwa ntchito ndikuwamvetsa, makamaka kwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique n'kutiphunzitsa kuti pantchito pa eni ake sudandaula. Koma lamulo la ntchito la Zimbabwe, gawo 14, limapatsa wodwala masiku okwana 90 pachaka akulandira malipiro onse ngati ali ndi kalata ya dokotala, ndi enanso 90 pa theka la malipiro. Kuvulala pantchito kumayenera kulembedwa n'kukanenedwa ku NSSA, bungwe la boma loona za chipukuta misozi cha ovulala pantchito, ndipo ndalama za chipukuta misozi amasonkha ndi olemba ntchito, sizidulidwa pamalipiro a wantchito. Bala lobisidwa likadzatukusira, adzavutika kutsimikiza kuti linachitikira pamakina. Ngati akuopa kupita okha kwa akapitawo, adzere kukomiti ya ogwira ntchito. Abwana nawonso ali ndi mbali yawo: kupereka nthawi yopuma pakati pa usiku, kuika chotchingira pampeni, ndi kusasiya munthu yekha pamakina.

Kukhala ndwii kuja musakuone ngati n'kutopa chabe. Anzathu achishona amati kufungisisa, kuganiza mopyola muyeso, ndipo munthu wotere maso amakhala pathabwa koma mtima uli kwa alandilodi. Muno mu Harare muli thandizo laulere la Friendship Bench, limene anayambitsa Dr. Dixon Chibanda ku Mbare, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pamakiliniki n'kumamvetsera mavuto a anthu, kenako kuwathandiza kuwamasula limodzilimodzi. Abambo ambiri amachita manyazi kupitako. Musawakakamize ndi mawu ambiri. Tsiku lokayezetsa BP muwaperekeze, ndipo mukafika mufunse anamwino ngati benchiyo ilipo pakiliniki yanuyo.

Mudzandilemberenso pakatha mwezi, mundiuze manambala a BP amene awapeza ndi maola amene akugona.