Ntchito ya maposita ndi menyu ya pa foni ija, itengeni koma tamverani kaye

Achemwali ntchito ya bungwe mukunenayo, yoti muwakonzere maposita ndi menyu ya pa foni yochenjeza za madzi osefukira, ine ndawerenga mtima wangoti myuu chifukwa ndinagwirapo yomweyo ndendende ndipo mpaka lero ndikadutsa pa ofesi yawo ndimayang'ana kumbali.

Ine ntchito ya dizayini ndinayambira pa zikwangwani za mashopu pa Nchalo pompa, penti ndi bulashi, laputopu yabwera pambuyo. Ndiye mphepo ya mkuntho ya Ana itadutsa mu January 2022, muja damu la Kapichira linagumuka magetsi nkuvuta dziko lonse, mabungwe anakhamukira kuno ndipo limodzi, dzina sinditchula, linandipatsa posita yokhoma mmasukulu ndi mmatchalitchi ku East Bank, ndi menyu ya USSD ija yoimba ngati mmene timachitira Airtel Money pa *211# kapena Mpamba pa *444#, kuti munthu wa ku Makhanga adziwe kuti Ruo wakwera mpaka pati, athawire kuti. Zimene ndinapanga zinali zochepa dala. Mitundu itatu, wobiriwira wachikasu wofiira, yomwe ija makomiti a mmudzi amaiona kale pa mitengo yoyezera madzi mumtsinje, chithunzi cha sukulu yothawirako, mzere umodzi wa zilembo zikuluzikulu zoti munthu awerenge ataima patali, basi. Menyu masitepe awiri okha, chifukwa USSD sikirini imodzi imangonyamula zilembo 182 ndipo ukachedwa kuyankha imaduka yokha, siyidikira munthu.

Bwana wa polojekitiyo, mkulu wina wochokera ku Lilongwe amene kuno ankangobwera pa galimoto magalasi otseka, anangoyang'ana nkunena kuti zikuoneka zopanda kanthu, azungu aziti ndalama zapita kuti. Anandiuza ndiike malogo mzere wonse pamwamba, ndime yachizungu yofotokoza amene wapereka ndalama, chithunzi cha iyeyo akugwirana chanza ndi mfumu, mpaka mawu ochenjeza aja anatsala ka mzere kakang'ono pansi. Ku menyu ndiye kunali kuseka ndi kulira komwe, sikirini yoyamba malonje ndi dzina la polojekiti lalitali lija, kenako sankhani chilankhulo (Chisena mulibe, taganizani, ku Nsanje), kenako boma, kenako T/A, kenako gulupu, kenako ndinu mwamuna kapena mkazi, kenako zaka zanu, zonsezo akuti zofunika pa lipoti, chenjezo lenilenilo lili kumapeto kwenikweni. Ndinapempha ka ndalama ka thiransipoti ndikayese pa anthu enieni tisanasindikize anati bajeti mulibe, koma wekishopu ya ku nyanja ku Mangochi bajeti inapezeka, mxii.

Tsiku lokhazikitsa linali mu October, mukudziwa nokha dzuwa la kuno, nsapato kuotcha mapazi. Pa bwalo la sukulu anamanga tenti, azungu kutsogolo ndi mabotolo amadzi, mafumu, magule, ana asukulu padzuwa. Bwana uja anaitana agogo ena kuti aonetse alendo mmene zimayendera. Agogo anamasula ka itel kawo pa mfundo ya chitenje, sikirini yosweka pakona, mabatani manambala anafufutika kale, nkuimba. Dzuwa likuwala pa sikirini sakuona, akutchinga ndi dzanja, akuwerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi milomo ikunjenjemera, maiki ili pakamwa pawo bwalo lonse likumva. Anafika pa funso la zaka nkutembenuka kufunsa mdzukulu kuti kodi ndinabadwa liti, pomwe akubwerera pa foni yaduka. Anayambiranso, yadukanso pa T/A. Anthu anayamba kuseka, ana asukulu kukuwa, agogo thukuta kamukamu manyazi awagwira ngati olakwa ndi iwowo, mpaka anangomanganso foni pa chitenje nkunena mChisena kuti madzi akabwera iwo amamva kwa mwana wawo wa ku Thyolo amaimba yekha, nkukakhala pansi. Ine ndili chiimire pafupi ndi jenereta ndikungofuna nthaka itseguke. Ndiye bwana uja kulanda maiki, akumwetulira, akuti pepani alendo dizayina wathu ndi mnyamata wakonkuno akadali kuphunzira tikonza, nkundiloza chala anthu onse kutembenuka. Menyu imene anaisokoneza yekha! Mu galimoto pobwerera anasinthanso nyimbo akuti vuto anthu a kuno sanapite kusukulu.

Izi ndiye zimene zimandipweteka kuposa ndalama. Agogo aja Mpamba amagwiritsa ntchito, ndalama amalandira, ndiye kusaphunzira kwake kuti. Don Norman, katswiri wa dizayini wa ku America, analemba kale mu 1988 kuti munthu akalephera kugwiritsa ntchito chinthu wolakwa amakhala wochipanga, ine ndimayendera zomwezo, chinthu chikakanika agogo a foni yosweka padzuwa ndiye kuti sichinathe, olo chikongole bwanji pa laputopu. Freddy atabwera mu March 2023 anthu anachenjezana ndi wailesi, zimkuzamawu za makomiti, mawisilo ndi kuimbirana mafoni, za menyu ija sindinamvepo munthu akuitchula. Theka la ndalama zanga lotsala sanandipatse akuti ntchito sinavomerezedwe, ndinayenda mpaka kutopa, mlonda wa pageti anafika pondimvera chisoni.

Ndiye inu achemwali itengeni ntchitoyo, kuno ndalama ya dizayini yooneka ili kwa mabungwe omwewa, mashopu a pa Ngabu ndi Bangula amangofuna chikwangwani cha mtengo wa nkhuku imodzi. Koma theka akupatseni musanatsegule laputopu, kontilakiti ilembedwe kuti kusintha ndi kangati, chilichonse chimene bwana wanena kuti sinthani akulembereni pa WhatsApp musunge masikirinishoti, za pakamwa ayi. Kuyesa pa anthu musadikire bajeti yawo, kwerani kabaza ndi ndalama yanu mupite pa msika, mupatse amayi ogulitsa mlamba foni yawo yomwe osati yanu, muwauze nambala, inu mukhale chete manja kumbuyo muone pamene akukakamira, musawathandize olo zikuwawa bwanji. Posita ikhomeni pa mtengo mubwerere mmbuyo masitepe khumi, ngati simukuwerenga chenjezo kulitsani.

Za malogo koma musalimbane nawo, ine pano ndimangowaikira onse, akafuna chithunzi chawo ndimaikanso, ndalama ndi zawo ana akufunika fizi. Mafunso a zaka ndi jenda aja yesani kuwakankhira kumapeto chenjezo litatuluka kale, akakana asiyeni mutenge zanu, tsiku lokhazikitsa mupeze chifukwa musapiteko. Komanso funsani kaye kuti wosainira ndalama ndi ndani, dzina lake munditumizire ku inbox, ndamva mkulu uja anasamukira ku bungwe lina koma akadali kuno ku chigwa.